Dzanja Lamanzere la Luntha

Ilford, London
9 Januwale 2006

Achimwene a Paterson,

Muli bwanji kumeneko ku Linthipe? Alamu anga ali bwanji, nanga mwendo wanu uja unasiya kutupa? Mvula ikugwa bwanji chaka chino? Mundiuze zoona, musandibisire monga munachitira chaka chatha. Kuno ndadzuka, kungoti chisanu chake chikulowa mpaka m'mafupa.

Foni mumadana nayo, mumati nkhani ya nzeru siikambidwa munthu atakwera pachulu kusaka netiweki. Chabwino, kalata yanu ndi iyi.

Luntha wanu uja anabwera pa Khirisimasi, ndipo Loweruka ndinakamuperekeza ku bwalo la ndege. Tsopano ali chaka chachitatu kukoleji ku Oklahoma, ku America, ndipo sukulu yonse akulipiriridwa chifukwa cha mpira uja ndinakuuzani, besibolo. Ntchito yake ndi imodzi basi: kuima pakamulu ka dothi pakati pa bwalo n'kuponya kampira kolimba, kuti mnzake wogwira chibonga akaphonye. Akuti masiku ano akamaponya, kuseri kwa mpanda wa waya kumakhala azibambo ovala zipewa, aliyense atamulozetsa kamfuti koyezera liwiro konga ka apolisi apamsewu. Amenewo ndi otumidwa ndi matimu akuluakulu kudzaona anyamata oti n'kulembedwa ntchito. Mpira wa Luntha akuti ukuthamanga mamailosi 91 pa ola, ndipo chawakopa kwambiri n'choti amaponya ndi dzanja lamanzere. Amanzere akuti ndi osowa. M'mwezi wa Juni matimuwo adzakhala pansi n'kumasankhana anyamata mmodzimmodzi, ndipo dzina lake likhoza kutchulidwa.

Koma pali chimene chikundidya. Mapaketi a nsawawa za m'firiji ankangosowa, kenako ndinawapeza m'chipinda mwake atasungunuka, kusonyeza kuti ankaziziritsa nawo chigongono. Ketulo ankanyamula ndi dzanja lamanja, iye wamanzere chibadwire. Ndinati, “Iwe, ine ndagwira unesi zaka makumi awiri ndi zinayi, chigongono chimenecho chatani?” Anandiyankha m'Chingerezi chake chija kuti palibe kanthu, oponya onse zigongono zimawawa, ndipo ndisauze munthu. Inu si munthu wamba, ndinu amalume ake, ndiye ndakuuzani.

Nyumba yangoti zii, achimwene. Ndikamatsegula chitseko ndimaodira ndekha kuti ndimveko mawu. Aneba anga takhala khoma limodzi zaka zisanu ndi chimodzi, koma dzina langa salidziwa. Kunyumba ya okalamba kumene ndimagwira ntchito kuli gogo wina, dzina lake Etta, amene ndimamuuza za Luntha ndikamamusambitsa. Amasangalala kwambiri, n'kuwomba m'manja. Mawa lake amakhala ataiwala zonse, ndiye ndimayambiranso.

Mundilembere msanga.

Ndine mlongo wanu,
Marjorie

*

Linthipe, Dedza
1 Febuluwale 2006

Mlongo wanga Marjorie,

Kalata yako yafika dzana, itayenda masabata atatu ngati inakwera ngolo. Tonse tili bwino. Mvula chaka chino yatikumbukira, chimanga chayamba kumasula. Mwendo ulipo, ndi umene ukundikumbutsa kuti ndinapuma ntchito pa chifukwa.

Nkhani ya Luntha yandiimika mutu. Ndaiwerenga kawiri ndipo ndaona kuti masewera ukunenawo ndi maraundasi, omwe aja ndinkabalalitsa atsikana a Sitandade 5 kuti alowe m'kalasi ndili hedimasitala. Lero munthu n'kudya za maraundasi? Dziko lapita, ife latisiya pa siteji. Ndiye ukuti chimene akulimbirana ndi dzanja lamanzere, lomwe lija ndinalikwapula ndi rula ali ndi zaka zisanu atalandira nalo chikho cha thobwa kwa alendo? Mwayi wake ndinali wotanganidwa. Ndikanalimbikira, bwenzi pano akuponya ndi lamanja ngati wina aliyense, akuwerenga malori pamsika wa Chimbiya.

Za chigongono, umuuze azithowa ndi madzi otentha. Nsawawa ndi ndiwo, si mankhwala.

Za kuodira wekha sizinandisangalatse. Kodi Amalawi anzako samakumana kupemphera? Pita, ukaseke ndi anthu.

Umuuze mnyamatayo andilembere, koma m'Chichewa. Anachoka kuno ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, chilankhulo anachoka nacho. Ya Chingerezi sindidzayankha.

Ndine mchimwene wako,
P. L. Kaliwo

*

Ilford
14 Malichi 2006

Achimwene,

Zikomo chifukwa cha kalata. Ndaseka ndekha ngati wamisala pa nkhani ya rula. Kumapemphero a Amalawi ndimafuna kupita, koma amakumana ku Wembley kamodzi pamwezi, ndipo Malamulungu ambiri ndimakhala pa shifiti. Ndikapezeka ndapita, aliyense amathamangira sitima yake pemphero lomaliza lisanazizire.

Tsopano tamverani yaikulu. Timu ina yamuona Luntha kasanu, ndipo akuti isanamusankhe ikufuna kudziwa kumene akuchokera. Ali ndi munthu wawo amene amawayendera maiko a kuno, dzina lake bambo Maurice. Andiimbira okha, mwaulemu ndithu, kuti abwera kunyumba kuno Loweruka pa 29 Epulo kudzacheza nane.

Ndamufunsa Luntha kuti ndikanene chiyani. Iye basi, “Mungowapatsa tiyi, Mum, muwasekerere.” Tiyi! Munthu wochokera kutali kudzafunsa za mwana wanga, ine n'kumupatsa tiyi n'kumamusekerera ngati chidole cha m'sitolo?

Achimwene, mtima suli m'malo. Akanakhalapo malemu mwamuna wanga, a Lyson, bwenzi atakhala pampando n'kulankhula monga mwamuna, ine ndili kukhitchini. Inu ndinu mwini mbumba. Mwana ameneyu ndi wanu kuposa wanga. Mukanakhala pafupi mukanamulandira ndinu mlendoyu, ndiye popeza muli kutali, ndipatseni mawu anu ndikawanene ine. Munthu wodzapempha mwana amayankhidwa bwanji?

Yankhani tsiku lomwe mwalandira, masiku ndi ochepa.

Marjorie

*

Linthipe
3 Epulo 2006

Marjorie,

Wachita bwino kufunsa. Ana a masiku ano amaona ngati zonse zinayamba ndi iwo.

Munthu akabwera kudzapempha mwana, kaya ndi ukwati kaya ndi ntchito, mwambo wake ndi umodzi: mwana wako sumuyamikira wekha. Woyamikira mwana wake pamaso pa alendo amaoneka ngati wogulitsa tomato wovunda pansi pa dengu. Mlendo wanzeru amayamba kukayika kuti kodi akubisa chiyani. Zabwino zake azione okha, ndi chifukwa chake abwera. Iwe ntchito yako ndi kutchula zofooka, kuti mawa zikadzatuluka asadzati tinawapusitsa.

Kodi waiwala tsiku limene ankhoswe a Lyson anabwera kudzakupempha? Unali kuseri kwa nkhokwe ukumvetsera, usakane. Ndinawauza kuti ndiwe waulesi, wolongolola, ndiponso ndiwo umapsereza. Unandikwiyira sabata yathunthu. Nanga anakukana? Anakutenga, ndipo Lyson anakusunga mpaka tsiku lake lomaliza, osabwera kuno n'kamodzi komwe kudzadandaula, chifukwa anadziwiratu chimene akutenga.

Ndiye bambo Maurice uwalandire bwino. Uwaphikire chakudya chenicheni, osati tiyi. Akakhuta uwauze kuti mwana wathu ndi wamakani, amadzuka mochedwa, ndiponso ndi mwana wa amayi. Ngakhale za chigongono zija uzitchuleko pang'ono, kuti akamutenga azimusamala, asamamukoketse ngati ng'ombe ya pangolo. Pomaliza unene kuti, “Akakulakwirani musamuzunze, mudzatibwezere, kwawo kulipo.” Mawu amenewa ngakhale mzungu amawamva, chifukwa ulemu ulibe mtundu.

Usaope. Ndakhalapo nkhoswe maukwati khumi ndi anayi, ndipo amene anatha ndi awiri okha.

P. L. Kaliwo

*

Ilford
1 Meyi 2006

Achimwene,

Kalata yanu inafika Lachinayi, mlendo n'kubwera Loweruka. Mulungu ndi wabwino! Zayenda, achimwene, zayenda kuposa mmene ndinkaganizira.

Ndinakolopa nyumba masiku awiri. Ndinaphika mpunga, nkhuku ndi mandasi. Bambo Maurice anafika nthawi ya nkhomaliro ndendende. Si mzungu ayi, ndi munthu wakuda wa ku America, wamtali, wa imvi, zaka ngati zanu. Nawonso akuti anali woponya kalekale, mpaka mkono wawo wamanja suwongoka bwino. Anadya mosanyada, nkhuku anawonjezera kawiri.

Ntchito yawo ndi yodabwitsa. Anaima pa chithunzi cha a Lyson n'kufunsa kuti anali atali bwanji, nanga ananenepa ali ndi zaka zingati. Anandipempha kuti ndiimirire, n'kuyang'ana mapewa anga ndi zala zanga. Ndinati, “Bambo, kodi mukugula ine kapena mwana?” Anaseka mpaka kutsokomola. Akuti poona makolo amadziwa mmene thupi la mnyamata lidzakhalire zaka zisanu zikubwerazi. Anandionetsanso malikisi a Luntha. Inu aphunzitsi mukomoka: malikisi awo amayambira pa 20 n'kuthera pa 80, ziro kulibe, handiredi kulibe. Mpira wothamanga anamupatsa 55, wokhota 50, kulunjika 45. Ndinati 45 kwathu ndi kulephera. Iwo anati kwa mnyamata wa zaka 21 amene anayamba mochedwa, ataphunzira kuponya pa masewera a kiriketi kusukulu, ndi zabwino kwambiri.

Kenako anati, “Mayi, kamfuti kathu kamayeza mkono, koma mtima sikauona. Tikamutenga, adzakhala zaka zinayi kapena zisanu m'matimu ang'onoang'ono, kugona m'mabasi, m'timatauni mmene sadziwa munthu. Ambiri amathawa. Ndiuzeni, Luntha ndi munthu wotani?”

Ndinati mumtima, nthawi ya achimwene yakwana. Ndinakhala bwino n'kuyamba. Wamakani, ndinanena. Wodzuka mochedwa, ndinanena. Za chigongono ndi nsawawa ndinanena, ndipo anangogwedeza mutu n'kulemba m'kabuku kawo kakang'ono. Nditafika pa mwana wa amayi anasiya kulemba n'kuti, “Tandiuzani zambiri.”

Abale inu, munthu womvetsera ngati ameneyu sindinamuonepo. Ndinawauza mmene Luntha ankalirira pa foni chaka choyamba, kuti akufuna kubwerera. Ndinawauza kuti Lamulungu lililonse amaimba, ngakhale atatopa chotani. Ndinawauza za maliro a bambo ake, mmene kamnyamata ka zaka khumi ndi zinayi kanandigwirira dzanja kumanda n'kuti, “Ndilipo ine.” Ndinawauzanso zimene ananena ku bwalo la ndege ulendo uno, kuti ndikangodwala tsiku limodzi adzasiya zonse n'kukwera ndege. Ndinatulutsa zithunzi zonse, ngakhale za ku Linthipe ali mbulanda m'beseni. Iwo amangoti, “Kenako?” ine n'kumapitiriza.

Anafunsanso kuti, “Nanga inu amakuchezerani ndani?” Ndinaseka n'kuti, “Mpando mwakhalapowo, kupatula Luntha, ndinu woyamba kukhalapo pa zaka ziwiri zapitazi.” Anayang'ana mpandowo, n'kundiyang'ana ine, n'kulembanso.

Mawu anu omaliza sindinaiwale. Ndinati akakulakwirani mudzatibwezere, kwawo kulipo. Anandigwira dzanja ndi manja awiri n'kuti ndalera mwana wabwino. Anakhala maola atatu ndi theka, achimwene! Munthu wosakhutira sakhala choncho. Ndinawaperekeza mpaka pa siteshoni, mandasi otsala nditawakulungira.

Marjorie

*

Linthipe
24 Meyi 2006

Marjorie,

Ndinanena ine! Kalata yako ndawawerengera alamu ako, ndawerengeranso akulu ampingo anzanga. Munthu wokhala maola atatu ndi theka n'kunyamula mandasi ndiye kuti nkhani yatha, chatsala ndi kulengeza. Malikisi opanda ziro ndiye ayi, sukulu yotero ine sindingaphunzitsepo.

Ndasankha kale tonde woti tidzaphe dzina likatuluka. Ulendo uno ndikulola kuimba foni, ndidzakwera pachulu.

P. L. Kaliwo

*

Ilford
26 Juni 2006

Achimwene,

Tonde wanuyo musiyeni adye msipu. Kalata yanu yachimwemwe ndinaipeza pakhomo tsiku lomwe zonse zinatha, ndipo sindinathe kuimaliza.

Patatha masabata awiri chibwerereni bambo Maurice, timu ija inauza Luntha kuti akajambulitse chigongono kuchipatala. Anandiuza mwachidule pa foni, mawu ake ali ozizira, koma sindinafune kumva. Ndinkati ndiye kumusamala kuja munanena.

Kusankhana kunachitika masiku awiri, sabata yoyamba ya mwezi uno. Ndinapempha kuweruka msanga n'kukakhala m'kasitolo ka intaneti pa msewu wa High Road, pakati pa anyamata osewera magemu. Mayina ankatuluka pa kompyuta limodzilimodzi. Anali mayina chikwi ndi mazana asanu, achimwene, ndipo onse ndinawawerenga, ena madzulo omwewo, otsala m'mawa mwake. Ena anali oponya mamailosi 87 okha. La Luntha munalibe.

Anaimba tsiku lotsatira. Mukudziwa kuti mwana ameneyu ndikamulankhula Chichewa amayankha Chingerezi. Tsiku limenelo analankhula Chichewa choyera: “Amayi, munamuuza chiyani munthu uja?” Ndinayamba kufotokoza za mwambo, za inu, za ankhoswe. Anangoti, “Ndinati tiyi,” n'kudula. Papita Malamulungu atatu. Ndikaimba, foni imangoitana. Patchuthi chino sanabwere, akuti akugwira ntchito yotchetcha kapinga wa bwalo la kukoleji. Zimenezo ndamva kwa mayi wa mnzake.

Masiku oyamba ndinakukwiyirani kwambiri. Ndinalemba kalata yokutukwanani, mwayi wanu ndinaing'amba. Inu ndi maukwati anu khumi ndi anayi! Koma ndikagona n'kuganiza, sindingakusenzetseni zonse. Mawu amene munandipatsa anatha pa mphindi khumi. Maola atatu enawo anali anga. Ndinapeza munthu wofuna kumva za mwana wanga, munthu woti mawa sadzaiwala, ndiye pakamwa panatseguka ngati mpopi wothyoka. Sindinkamuthandiza Luntha ayi, ndinkangosangalala kuti m'nyumba muli mawu a anthu awiri.

Ndili ndi mwana mmodzi padziko pano, ndipo ndamuthyola dzanja ndi pakamwa panga. Ndikuopa kuti ndamutaya. Mulembereni inu, mwina inu akumverani.

Marjorie

*

Oklahoma
24 Julaye 2006

Amalume,

Ndalandira kalata yanu. Munati Chingerezi simuyankha, ndiye ndikuyesa. Chichewa changa ndi cha mwana, musaseke.

Mwati mlandu ndi wanu, osati wa amayi. Zikomo. Koma inu ndi amayi nonse mukuganiza kuti vuto linali chigongono. Si chigongono. Dokotala anaona, anati mtsempha watupa koma sunaduke. Ndipume miyezi itatu, basi. Anyamata ena anasankhidwa ali ndi zigongono zoipa kuposa changa.

Kochi wanga amadziwana ndi anthu a timu ija. Anandiwerengera lipoti la bambo Maurice. Za chigongono ndi mzere umodzi. Za kudzuka mochedwa sanalembe n'komwe. Analemba izi: “Mkono ndi wabwino. Mnyamata ndi wabwino. Koma mayi ake ali okhaokha ku London, alibe munthu wina aliyense, ndipo mnyamatayu akudziwa. Sadzatha zaka ziwiri m'mabasi. Adzabwerera kwawo, ndipo ine sindidzamunena. Tisataye malo pa iye.” Timu ija itasiya, enanso anamva, anasiya.

Ndinakwiya kwambiri, amalume. Ndinaswa foni. Koma sindikukana kulankhula ndi amayi chifukwa cha mkwiyo. Ndi manyazi. Munthu wachilendo anakhala m'nyumba mwathu maola atatu, anaona chinthu chimene ine sindinaone zaka zitatu. Ine ndimaimba Lamulungu, amayi amaseka, amati zonse zili bwino, ine ndimakhulupirira chifukwa ndikufuna kukhulupirira. Sindinadziwe za mpando. Zaka ziwiri palibe munthu wakhala pampando!

Kochi akuti ndili ndi chaka china cha sikolashipu. Akuti ndikaponya bwino, Juni wa chaka chamawa adzandionanso, mwina timu ina. Akuti ndisapange zopusa. Koma ndaganiza. Bambo Maurice sananame. Ndikubwerera mu Seputembala. Mnzanga ali ndi ntchito m'sitolo ku Wembley, akuti andilowetsa. Sukulu ndidzamaliza nthawi ina.

Ndimakonda kuponya, amalume. Ndikaima pakamulu paja ndimamva kuti ndine munthu. Koma ndinalonjeza kumanda kwa adadi.

Musawauze amayi. Ndikufuna ndingofika.

Ndine mwana wanu,
Luntha

*

Linthipe
14 Ogasiti 2006

Mlongo wanga,

M'kati mwa kalata ino ndaikamo ya Luntha. Wandipempha kuti ndisakuuze, ndipo ine mkulu wa mpingo ndikuswa chinsinsi cha mwana ndikuona. Ndasinkhasinkha masiku awiri. Ndaona kuti ndikakhala chete, adzafika pakhomo pako ndi chikwama, sukulu atataya, mpira atataya, ndipo iwe udzakondwa sabata imodzi n'kulira moyo wako wonse.

Malangizo sindikupatsanso. Chitsiru chinaomba ng'oma, ochenjera navina, ndipo chitsirucho ndine. Ndinatenga mwambo wa pabwalo la ku Linthipe n'kuutumiza pa positi kwa anthu amene amalemba zonse m'kabuku. Tonde ndamugulitsa, sindinkafuna kumuonanso.

Chimodzi chokha ndinene. Inenso za mpando sindinkadziwa. Unandilembera kuti umaodira wekha, ine n'kukuyankha kuti upite kutchalitchi. Undikhululukire, Marjorie.

Mwana ndi wako. Chimene ungachite, ine ndili pambuyo pako.

Paterson

*

Ilford
4 Seputembala 2006

Achimwene,

Ndalandira makalata onse awiri. Ya Luntha ndinaiwerenga m'basi popita kuntchito, mpaka ndinapitirira siteji. Chichewa chake si cha mwana ayi. Sindinkadziwa kuti anachisunga chonsechi.

Ndisakunamizeni, chinthu choyamba chimene ndinamva ndi chimwemwe. Akubwera! Tsiku lomwelo ndinagula nsalu zatsopano zapabedi pake. Ndinayamba kuganiza zimene ndizimuphikira, mmene tizikwerera limodzi basi, iye ku Wembley ine kwa okalamba anga. Ndinayala bedi lake n'kukhala pamenepo. Kenako ndinamuona m'maganizo atavala yunifolomu ya m'sitolo, akupanga mashelefu ndi dzanja lija, zaka makumi atatu, makumi anayi, akubwera madzulo kudzakhala ndi nkhalamba. Ndipo munthu akadzamufunsa kuti unasiyiranji, iye adzati, “Amayi anali okha.” Ine ndikhale chifukwa chimenecho? Ayi, achimwene. Ndamulakwira kamodzi, zakwana.

Kumuuza kuti usabwere sikukanathandiza. Wamakani ameneyu, paja munanena nokha. Akanangomva kuti ndikudzilimbitsa, n'kugula tikiti.

Ndiye Lachisanu lapitalo ndinaimbira kochi wake kuti amupatse foni. Atangoti “Mum,” sindinamupatse mpata. Ndinati, “Iwe, ndili ndi nkhani. Chipinda chako ndapereka. Kwabwera nesi wa ku Chipata, dzina lake Ivy, anasowa pokhala, ndiye tikukhala limodzi. Katundu wako ndaika m'makatoni. Ukabwera pa Khirisimasi udzagona pa sofa, usadandaule.” Anafunsa kuti Ivy ndi wotani. Ndinati ndi wonenepa, woseka mokweza, amaphika chikanda, Chinyanja chake n'chokhota ndipo timakangana za mawu tsiku lililonse. Ndinati Loweruka timapita limodzi kumsika, ndipo wandilowetsa kwaya ya kutchalitchi kwawo. Ndinadandaula kuti amatha madzi otentha m'bafa.

Anaseka, achimwene. Ndinamva mpweya ukutuluka m'chifuwa mwake, ngati munthu wotula thumba la chimanga. Anati, “Zoona, Mum? Ndiye muli bwino?” Ndinati ndili bwino kwambiri, mwina kuposa kale. Kupepuka kwa mawu akeko kunandilasa, koma ndi kumene ndinkafuna. Dzulo waimbanso yekha. Walembetsa chaka chomaliza, ndipo dokotala akuti mwezi wamawa ayambe kuponya pang'onopang'ono. Anati ndimupatsire moni Ivy. Ndinati ali m'bafa.

Ivy kulibe, achimwene. Chipinda chili mmene chinalili, ndi nsalu zatsopano pabedi. Za Khirisimasi ndidzaona, mwina Ivy adzapita kwawo kukaona odwala. Ndangofunika kufika naye mpaka Juni.

Munati muli pambuyo panga. Ndikudziwa kuti ndinu mkulu wa mpingo ndipo bodza simulikonda, koma chinsinsi munaswa kale, ndiye mwazolowera. Luntha adzakulemberani kudzatsimikiza, ndikumudziwa. Akakufunsani, munene kuti ndimamutchula m'kalata iliyonse. Munene kuti ndi wolongolola kuposa ine, moti masiku ano ndikudandaula kuti m'nyumba mwanga ndikusowa ndi pokhala chete pomwe.

Moni kwa alamu. Mundilembere, ngakhale mulibe nkhani.

Ndine mlongo wanu,
Marjorie